Mudzi Wopanda Nkhokwe

Nyanja ndinaiona nditakalamba kale, mano akutsogolo atatha. Kwathu kuno ku Njombwa madzi ambiri amene tinkawadziwa ndi a m'dambo, amene ng'ombe imawoloka mimba osanyowa. Ndikanatha kufa osaiona nyanjayo ndipo sindikanadandaula, koma mdzukulu wanga anakakwatiwa kumeneko, alongo anga n'kundituma kuti ndikamutenge.

Mwana ameneyo ndinamulera ndine. Mayi ake, mwana wanga wachiwiri, anapita chaka cha njala yaikulu ija, pamene anthu tinkadya gaga ndi zitsa za nthochi. Anayamba kutupa mapazi, kenaka nkhope, ife n'kumati mwina akuchira, akunenepa. Anandisiyira khanda loyamwa. Ndinalilera ndi phala mpaka linakula n'kukhala mtsikana wamtali, wapakamwa ngati ine ndemwe. Poti agogo ndi mdzukulu wamkazi sasiyana chipongwe, ine ndinkamuitana kuti mkazi mnzanga, iye n'kumayankha kuti akazi aakulu.

Mwamuna anamupeza kosoka fodya. Anapita kukagwira ganyu pa esiteti ina yoyandikana nafe, iye akusoka masamba, mnyamata wina akupachika mikangala m'chigafa. Mnyamatayo anali mwana wa matenanti, anthu a ku Nkhotakota. Ankhoswe anakumana, ukwati unamangidwa bwinobwino, ndipo mnyamata anakhala nafe chikamwini, kulima munda wanga osadandaula. Bambo ake atamwalira, banja lawo lonse linaganiza zobwerera kwawo, iye n'kupempha chitengwa, kuti mkazi wake apite naye. Alongo anga aakulu, amene ndiwo mwini mbumba yathu, analola koma monyinyirika.

Tinamva kuti mdzukulu uja wachira, mwana wamkazi. Tisanakonze n'komwe zokaona mwana, kunabwera bambo wina amene amayenda ndi usipa panjinga m'midzi muno. Alongo anga anamufunsa ngati akuudziwa mudzi wakutiwakuti. Bamboyo anati amaudziwa, ngakhale pakhomo penipenipo anafikapo kukapempha madzi. Nyumba ndi yabwino, anatero, koma nkhokwe sanaione.

Kwathu kuno munthu umamudziwa ndi nkhokwe. Mlendo akafika pakhomo, maso amayamba agwa pankhokwe pakamwa pasanatuluke moni. Masiku ano ena amasunga m'matumba m'nyumba kuopa akuba, komabe pabwalo pamaulula, pamakhala zitsononkho, makoko, mphasa ya mphale, nkhuku zikutola gaga. Pakhomo popanda zonsezi ndi pakhomo panjala, ndipo palibe amene angatsutse.

Alongo anga anabwera kwanga m'mawa mwake, chipewa chili m'manja.

"Alongo, mupite mukaone mwana. Koma mukaonenso pakhomo. Ngati wa usipa uja wanena zoona, mubwere naye mdzukulu wathu pamodzi ndi khanda lakelo. Za chitengwa tidzakambanso ndi ankhoswe awo. Mayi ake tinawaika tikuona, uyu ayi."

Sindinatsutse. Inenso usiku umenewo tulo sitinabwere bwino.

Unali mwezi wa Febuluwale, fodya tikuthyola wam'munsi, chimanga chili ngayaye, nthawi imene ngakhale kwathu kuno timadya kamodzi patsiku. Ndinakokota ufa woyera umene unatsala m'ndowa, ndinasinja nsinjiro, n'kumanga nkhuku yaikazi miyendo. Ndinavala juzi ndi zitenje ziwiri poti m'mawa kunali kamphepo.

Mpaka pa boma la Kasungu ndinkadziwako. Kuyambira pamenepo zinali zachilendo. Zolemba pagalimoto ine sindiziwerenga, ndiye ndinafunsa kondakitala mobwerezabwereza mpaka anandigwira mkono n'kundikhazika pazenera, amvekere, "Agogo, mukapezeka ku Mzimba mudzandimange." Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa amene ankabwerera kwawo ndi matumba opanda kanthu a nsomba. Fungo lake nkhuku yanga inachita kutembenuza mutu.

Poyamba njira inali ngati kwathu komwe, fodya mbali iyi, fodya mbali iyo, zigafa zaudzu, amuna atanyamula masamba pamapewa. Titadutsa Malomo minda inayamba kuchepa, kenaka inatheratu, tinalowa m'nkhalango ya nyama. Mitengo yotere ndinaiona komaliza ndili mtsikana, tisanaithere kumangira zigafa. Anyani anali chikhalire pakati pa msewu, mmodzi akusankha mnzake nsabwe, osasuntha mpaka dalaivala analiza hutala. Mayi uja anandilozera mulu wa ndowe pambali pa msewu, utsi ukadali kufuka, nati njovu yangodutsa kumene. Ndinayang'ana m'tchire mpaka khosi linawawa koma mwiniwake sindinamuone.

Kenaka galimoto inayamba kutsika, kukhota, kutsikanso. Makutu anga anatseka. Ndinamuuza mayi uja kuti ndagontha, iye anaseka nati ndimeze malovu. Kutentha kunalowa pazenera ngati wina watsegula uvuni wa njerwa. Ndinavula juzi, kenaka chitenje chimodzi, mayiyo amvekere, "Mayi, musiyeko china, kuboma kuli apolisi."

Pokhota pena ndinaona chinthu chotuwa chitayalidwa kutali, chosalala, chonyezimira ngati pepala lapulasitiki limene timafunditsa fodya mvula ikamabwera, koma lopanda pothera. Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anandiuza kuti ndi nyanjayo. Ndinangogwiritsa nkhuku yanga.

Pasiteji ndinapeza mwamuna wa mdzukulu wanga akundidikira ndi njinga. Anali atada ndi dzuwa, mapewa atakula.

"Amuna anga," ndinatero, "munandithawa n'kutenga kamtsikana, lero ndakupezani."

"Akazi anga aakulu, ndinkangokonza kaye pokhala. Kwerani, koma nkhukuyo musaikhalire."

Mudzi wawo uli chakumpoto kwa boma, pansi pa mitengo ya mango ikuluikulu. Pabwalo m'malo mwa dothi lofiira pali mchenga, ukaponda phazi limalowa. Anatilandira mayi a mnyamatayo, munthu wamfupi wa mawu aakulu, mpango uli kumutu. Poti ine ndinalowa m'malo mwa mayi a mtsikana, tinkaitanana kuti asewere. Anandilandira nkhuku ndi manja awiri, nsinjiro anazinunkhiza n'kuziyamikira, ufa uja anauyang'ana kanthawi ndithu, kenaka anati ukhala wa phala la mayi wa mwana.

Mdzukulu wanga anatuluka m'nyumba mwana ali m'manja. Ndinamulandira mwanayo, kolemera bwino, tsitsi lambiri, mphuno ya kwathu. Tinaseka, tinalira pang'ono. Koma maso anga anali atayamba kale ntchito imene ananditumira.

Pabwalo panalibe nkhokwe. Panalibe chitsononkho ngakhale chimodzi, ngakhale chakale chokolezera moto. Ndinapempha kuti andionetse kubafa, n'kuzungulira nyumba yonse. Kuseri kunalibe. Ndinasuzumira pakhomo loyandikana nalo, kunalibenso, lotsatira lake chimodzimodzi. Mudzi wonse wopanda nkhokwe. Polowa m'nyumba kukasiya chikwama ndinaponya maso kuchipinda, matumba a chimanga munalibe.

Kuseri kwa khitchini ndiye ndinapeza chimene chinandiopsa koposa. Panali migolo yodzaza madzi, m'katimo zinthu zoyera zitafufuma, thovu pamwamba, fungo lowawasa ngati la mphale yoiwalika, ntchentche zili ng'waa. Mumtima ndinati basi, anthuwa afika podya zowola. Ifenso chaka chija tinkaviika zinthu zimene ngakhale nkhumba ikanazikana.

Masana anandipatsa mpunga wonunkhira ndi nsomba yaiwisi yophika ndi tomato. Zinali zokoma, sindinama. Koma kwathu mpunga si chakudya, ndi wa Khirisimasi ndi paukwati. Ndinkadya ndikuganiza kuti akakongola kwa anthu kuti aphimbe mlendo m'maso.

Chakumadzulo mdzukulu wanga anakhala pamphasa akuyamwitsa, miyendo atatambasula. Anali atanenepa, masaya odzaza, mikono yozungulira. Wina aliyense akanasangalala, koma ine kunenepa kwa mwezi wa Febuluwale ndinakuonapo kale. Ndinasendera pafupi ngati ndikufuna kusewera ndi mwana, n'kudinikiza chala changa chachikulu pamwamba pa phazi lake. Munthu wotupa ndi njala, ukadinikiza chotere pamatsala dzenje. Ndinachotsa chala. Mnofu unabwerera pomwepo. Ndinadinikizanso pamwendo.

"Agogo, mukundiyesa ngati papaya bwanji?"

"Ndikuona ngati akukudyetsa amuna angawa."

Nditadzutsa mutu ndinapeza asewere ataima pakhomo la khitchini ndi lichero, akundiyang'ana. Kenaka anabwerera m'khitchini.

Dzenje silinatsale, komabe mtima sunakhale pansi. Njala imayamba m'nkhokwe isanafike kumapazi. Pamene tinkasambitsa mwana kuseri kwa nyumba, dzuwa lisanalowe, ndinamuuza motsitsa mawu.

"Mkazi mnzanga, umange katundu wako. Ambuye ako akuti ubwerere kumudzi ndi mwanayu."

Poyamba anaseka, kuyesa chipongwe chathu chija. Ataona nkhope yanga anasiya.

"Chifukwa?"

"Pakhomo pano palibe chakudya. Ndaona ndi maso anga, ndaonanso zimene zili m'migolo muja."

Anamukulunga mwana m'chitenje pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

"Agogo, mwabwera kudzaona mwana kapena kudzandilanda banja?"

Analowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanandiitanenso kuti akazi aakulu.

M'mawa kutangoyera, asewere anandipeza ndikusukusula. Anali ndi dengu ndi makasu awiri, khasu limodzi anandipatsa.

"Asewere, dzulo mwazungulira nyumba yanga ngati munthu wogula mbuzi. Mwaona mano, mwaona mchira, mwafinya ndi mwendo womwe. Tiyeni mukaone kumene imadya."

Ndinachita manyazi, koma ndinanyamula khasu. Tinadutsa m'kanjira ka mchenga, iwo patsogolo akuyenda mofulumira ngati mtsikana, ine pambuyo ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo. Tinatulukira m'munda wa chinangwa. Chinangwa ndinkachidziwa, kwathu ena amadzala mizere iwiri itatu kumapeto kwa munda, chotafuna ana. Koma uwu unali munda weniweni, mitengo yake yondipitirira msinkhu, ukalowamo mnzako osamuona.

"Ichi ndi cha chaka chino, chikadali mwana," anatero akuloza ndi mpini. "Icho ndi cha chaka chatha, chikudikira. Uko ndiye tikudya panopa."

Tinapita kumene ankadyako. Anakumba mbali iyi, mbali iyo, n'kugwira tsinde ndi manja awiri, kukoka. Nthaka inang'ambika, munatuluka mizu yonenepa ngati mkono wa mwamuna, ina yotalika kufika m'chiuno mwanga. Anazula phata lachiwiri, dengu linadzaza. Asanachoke pamalopo anadula mtengo uja m'zidutswa, kuunda mzere pomwe anazulapo, n'kuzibaya m'nthaka.

"Mukutapa ndi kubwezeramo tsiku lomwelo?" ndinafunsa.

"Nanga tidikire chiyani? Nkhokwe yathu ndi imeneyi, asewere. Ilibe denga, sifuna kumata, anankafumbwe salowamo. Inu mumakolola kamodzi n'kumayang'ana chikutha. Ife timangotapa cha sabata imeneyo, chinacho chizikula."

Ndinali ndisanadye kanthu, ndipo muzu wina unali utathyoka, woyera mbee. Ndinachita zimene aliyense wa kwathu akanachita, ndinausenda ndi chikhadabo n'kuluma ndi mano am'mbali. Ndisanatafune kawiri, asewere anandimenya padzanja, chinangwa n'kugwera uko.

"Lavulani. Lavulani zonse. Mukufuna alongo anu adzati ndinakupherani kumunda?"

Ndinalavula. M'kamwa munali kuwawa ngati ndatafuna tsamba la fodya. Anandiuza kuti chinangwa cha kunyanja n'chowawa dala, chachiwisi chimaledzeretsa, ngakhale kupha. N'chifukwa chake mbala siichedwa nacho, nguluwe nayo imachilambalala. Amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ululu wonse utuluke, kenaka kuchichapa, kuchiyanika, kuchisinja. Ufa wake ndiye wa kondowole.

"Ndiye zija zili m'migolo zija..."

"Zimenezo. Munatseka mphuno ndi chitenje, ndinakuonani. Mphale yanu ikamanunkha mumati yawola?"

Tinakhala pamzere kuti ndipume. Ndinawafunsa funso limene linkandivuta. Ngati chakudya chili chotere, anapitiranji kukakhala matenanti kwathu, kumagona m'zisakasa, kumadya chimanga chopimidwa ndi ndowa?

Anaseka mpaka anatsokomola.

"Malemu amuna anga ankafuna malata. Anamva kuti ku Kasungu ndalama zimamera pamasamba. Tinasiya munda uno kwa achemwali anga, n'kupita. Njala yeniyeni ine ndinakaidziwira kwanu, asewere, ndikuona nkhokwe za eni mudzi zili mbuu pamtunda, zina zopanda kanthu m'kati. Tinapita kukafuna malata, tinabwerako ndi mpongozi. Koma sindidandaula, mwana wanu munamulera bwino. Pakamwa pokha ndiye munamupatsa pambiri."

Titasiya dengu kunyumba anati sindingabwerere kwathu osaponda m'madzi. Dzuwa linali litakwera pang'ono. Kugombe kunali anthu ngati pamsika, mabwato akufika, amuna akukoka maukonde, amayi akukangana mitengo ndi mabeseni m'manja. Pamchenga panali mathandala ataliatali a bango, usipa utayanikidwa pamwamba, ukuphethira ngati ndalama zasiliva. Ndinaima pafupi ndi amayi ena amene ankasankha nsomba, zazikulu uku, zazing'ono uku, zophwanyika pambali, maso ali kumwamba kuopa mvula. Ndinati kodi kusankha fodya kunafika ndi kuno. Mmodzi anati kusiyana kwake n'koti wawoyo ogula akamukana amamudya.

Mwamuna wa mdzukulu wanga anali atangotsika m'bwato, maso ofiira ndi tulo. Anatapa usipa wauwisi m'manja awiri, n'kukauwotcha pamoto wa mayi wina, kuwaza mchere. Usipa umene umafika kwathu panjinga umakhala wouma gwa, wowawira, wamchenga, wokalamba ngati ine. Uwu unali wofewa, wamafuta, unkasungunuka wokha palilime. Ndinadya mpaka ndinanyambita zala, iye amvekere, "Akazi anga aakulu, mukatere ndikusiyani konkuno."

Ndinakwinya chitenje n'kulowa m'madzi mpaka m'akakolo. Anali ofunda. Mchenga unkathawa pansi pa mapazi anga madzi akamabwerera, ndinagwira mkono wa asewere. Nditayang'ana kutali ndinaona utsi wakuda utaima pamwamba pa madzi, mizati ingapo, ngati zigafa zikupsa. Ndinafunsa kuti kodi kumeneko kuli mudzi. Anati ayi, ndi tizilombo touluka, nkhungu, timatuluka m'madzi momwemo. Mphepo ikatibweretsa kumtunda amatikola ndi malichero onyowa, n'kutiumba timitanda, ndiwo yake imeneyo. Ndinati zimenezo ndidzalawa ulendo wina, lero m'kamwa mwanga mwaona zokwanira.

Masana asewere anaphika kondowole ndi chigwada, masamba a chinangwa chomwecho osinja, otendera ndi nsinjiro zanga zija. Kondowole ndi wotuwirako, wonanda, ukatema amakoka ngati ulimbo. Ndinaika mbamu m'kamwa n'kuyamba kutafuna. Inakakamira kunkhama, ndikatafuna imabwerera, maso anayamba kutuluka misozi. Mdzukulu wanga, amene kuyambira dzulo lake anali asanandilankhule, analephera kupirira.

"Agogo, osatafuna. Temani pang'ono, muviike mumsuzi, mumeze basi."

Ndinayesa. Inatsika yokha bwinobwino.

"Ndiye ndi chakudya cha ife opanda mano chimenechi," ndinatero. "Munandibisiranji zaka zonsezi?"

Anaseka atagwira pakamwa, asewere nawo anaseka, mwana n'kudzidzimuka kumbuyo. Ndinadya mpaka m'mimba munalemera. Tsiku limenelo njala sinandipezenso mpaka kugona.

Titatsuka mbale ndinamuitana mdzukulu wanga pansi pa mango, tili awiri. Ndinati za munda ndaziona, koma munda sulankhula, andiuze yekha mmene akukhalira, asandibisire poopa apongozi ake.

Anasewera ndi mchenga kanthawi. Kenaka anati miyezi yoyamba ankalira. Kondowole ankamukana, kutentha kunkamukana, malungo anamugwetsa ali ndi pakati mpaka anakagona kuchipatala. Anati mpaka pano mwamuna wake akapita panyanja, mphepo ikayamba, iye amangokhala tsonga kumvetsera. Nsomba nazo akuti sizikugwidwa ngati kale, masiku ena bwato limabwera lopanda kanthu. Anati amasowa dowe wa kwathu, amasowa anzake a kutchalitchi, amandisowa ine.

"Koma kugona ndi njala, agogo, sindinagonepo chibwerereni. Ngakhale tsiku limodzi. Apongozi anga anandipatsa ndime yangayanga, ndadzala ndekha, chaka chamawa ndiyamba kuzula. Amuna anga sanandikwezerepo dzanja. Ambuye mukawauze kuti ndikuwathokoza pondikumbukira, koma ndikhala."

"Ndiye umasule katundu uja."

"Ndinamanga liti, akazi aakulu?"

Ndinakhalako masiku ena angapo. Ndinaphunzira kusenda chinangwa ndi kampeni kakafupi, ndinaphunzira kuchifinya pochichotsa mumgolo kuti ndidziwe ngati chafewa. Fungo lija ndinasiya kulimva. Anandiperekeza kuboma kukaona msika wa mpunga ndi mitengo ikuluikulu yakalekale imene anthu amakhala pansi pake, ndinalawa kampango wowamba, ndinalawa ndi mkate wa mpunga umene amayi achisilamu amagulitsa m'mawa. Tsiku lobwerera asewere anandimangira thumba la ufa wa kondowole, usipa wofutsa, ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa yodzala. Anandipatsa mitundu iwiri, chowawa ndi chozizira chija chotafuna chachiwisi, n'kumanga kansanza kofiira pa chowawacho.

"Poti inu mumaluma musanafunse," anatero.

Kondakitala wa ulendo wobwerera anakana mtolowo, amvekere nkhuni za chiyani kupita nazo ku Kasungu. Ndinamuuza kuti akauponya pansi aponyenso ine. Anaumanga kumbuyo.

Alongo anga anandiona ndikutsika panjinga yamoto ndekha. Anadikira ndilowe m'nyumba, ndimwe madzi, ndiye anabwera n'kukhala pakhonde.

"Mwabwera nokha."

"Ndabwera ndekha."

"Nkhokwe munaipeza?"

"Ya mtundu wathuwu kulibe, wa usipa uja sananame. Mudzi wonse kulibe."

"Ndiye mwana mwamusiyiranji?"

Ndinawafotokozera zonse, za munda, za migolo, za ndime ya mdzukulu wathu, ndi mawu amene iye mwini ananena. Za malungo ndi za mphepo ya panyanja sindinabise. Anamvetsera akupukusa mutu. Anati chakudya chosiya kutchire, chopanda denga, chopanda chitseko, iwo sakuchimvetsa. Anati mwina anandionetsa munda wa eni ake. Ndinati munda wa eni ake munthu sazula akuimba nyimbo.

Sindinalimbane nawo. Ndinangowauza kuti asachoke. Kwawo tsiku limenelo anali atadya maungu aang'ono osakhwima, ndinkadziwa. Ndinaphika kondowole monga anandiphunzitsira, ndi usipa wofutsa uja, n'kuitana ndi alamu anga omwe. Alongo anga anatema mbamu yaikulu ngati ya chimanga, kuika m'kamwa, n'kuyamba kutafuna. Ndinawasiya atafune kaye, nsagwada zikugwira ntchito, maso ali pa ine. Kenaka ndinawauza zomeza. Anadya mpaka mbale inayera, n'kutsamira kukhoma, dzanja lili pamimba.

"Mwezi uno amadya chonchi?"

"Kawiri patsiku. Ana katatu."

Anayang'ana kumunda kumene chimanga chathu chinali chisanakhwime.

"Akhale," anatero. "Koma fodya ndikagulitsa ndikaona ndekha. Mwina inu anakunyengani ndi nsomba."

Madzulo omwewo ndinapita kwa mayi wa pafupi amene ali ndi foni, anandiimbira, ndinamuuza mdzukulu wanga kuti ambuye ake akuti akhale. Ndinamva akuuza apongozi ake, kenaka mawu aakulu aja kumbuyo, akuti ndiwauze alongo anga kuti akamabwera asavale jekete.

Mitengo ija alongo anga anandipatsa mizere ya kumapeto kwa munda wawo wa fodya, kumene nthaka ndi yamchenga, fodya sachita bwino. Tinadzala limodzi. Ina mbuzi zinadya itangophuka, iwo anadula minga n'kutchinga okha, akunyinyirika kuti akuvutikira nkhuni. Yotsalayo inakula. Sinafike msinkhu wa ya kunyanja ija, kuno kumazizira, koma chaka chotsatira mwezi ngati womwewo tinazula, ndipo mabanja atatu tinadya. Amayi ena a m'mudzi muno abwera kale kudzapempha mbewu, ndimawapatsa chozizira chokha mpaka ataphunzira kuviika.

Fodya wagulitsidwa, wina wagulitsidwanso, alongo anga sanapitebe. Akuti miyendo, koma ine ndikudziwa kuti ndi njovu za m'nkhalango muja. Ine ndinapitakonso chaka chotsatiracho mvula itatha, nthawi yomweta mpunga. Mwana uja ndinamupeza akuyenda, akuthamangitsa abakha pamchenga, m'manja atafumbata kambamu ka kondowole. Atandiona anathawira kuseri kwa asewere, ndipo panatenga usipa wowotcha kuti abwere pamiyendo panga.